Maikolofoni Ilibe Chinsinsi

Mwana akalembetsa maphunziro a utolankhani m'timakoleji tathu ta m'tauni iti, ta pamwamba pa sitolo kapena kuseri kwa holo ya tchalitchi, amafika atanyamula kale mawu a pa wailesi. Kwawo amayankhula bwinobwino, akamapempha ndiwo aliyense amamva. Koma angoona maikolofoni, ngakhale yosalumikiza paliponse, khosi limatupa, mphuno imatsekeka, "Moni omvera" n'kutulukira pansi pa mchombo.

Musawaseke kwambiri ana amenewa. Makolo awo anakula ndi wailesi imodzi, MBC, yomwe kuchokera mu 1964 inali yokhayokha mpaka ndale za zipani zambiri zitabwera, ndipo kanema wa dziko lino anayamba kuoneka mu 1999. Omveka pa wailesi masiku amenewo anali ochepa, moti mudzi wonse unkawazindikira akangotsokomola. Lero nyumba zoulutsira mawu zili mbwee: Capital FM, Zodiak yomwe inabwera mu 2005, za mipingo, za m'madera monga Dzimwe ya ku Mangochi. Mwana aliyense akuona kuti mpando ulipo. Ena amapeza malo ku MIJ kapena ku Poly, yomwe pano ikutchedwa MUBAS. Otsalawo ndiwo eni nkhani zotsatirazi.

*

Tsiku loyamba mphunzitsi anafunsa aliyense chomwe wadzera. Wina anati akufuna kuyankhulira amphawi. Wina anati akufuna kuthana ndi katangale. Wa tayi yofiira anati akufuna azakhali ake a ku Mzimba adzamumve akuwerenga nkhani za 7 koloko. Mtsikana wa kumbuyo anaimirira mwaulemu.

"Sala, ine masamu ndinalephera."

"Khalani pansi, mayi. M'kalasi muno mwanena zoona ndinu nokha. Ntchitoyi muitha."

Sanamuuze kuti teremu yachiwiri adzamupatsa kanema woti adule, n'kumuuza kuti sekondi imodzi ili ndi zithunzi 25, ndiye awerengere kuti mphindi zitatu ndi theka zili ndi zingati. Tsikulo litafika, mtsikanayo anagwira m'chiuno n'kuyang'ana kudenga: "Ndiye anditsatira mpaka kuno?"

*

Situdiyo ya pa koleji yotere ndi kachipinda komwe kale ankasungiramo matsache. Makoma amawamata mathireyi a mazira poganiza kuti atsekereza phokoso. Satsekereza ayi. Amangochepetsako kubwerera kwa mawu m'chipindamo, phokoso la panja limalowa mmene lafunira. Pa koleji ina ntchito yomwe mathireyiwo anagwira bwino ndi kukopa mayi wa mandasi, amene anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti thireyi akupanga zingati akagula zambiri.

Kuseri kwa khoma limenelo kunali chigayo. Tsiku lina mphunzitsi anajambula pa bolodi chithunzi cha Shannon ndi Weaver cha mu 1949, chosonyeza uthenga ukuchoka kwa wotumiza, kudutsa m'njira yake, kukafika kwa wolandira, pakati pali kabokosi ka phokoso losokoneza. Atangoloza kabokosiko, chigayo chinadzuka. Anapitiriza kuphunzitsa mpaka belu, milomo yokha ikuoneka kugwedezeka. Aka kanali koyamba kuti kalasi yonse ikhoze funso limodzi pa mayeso.

Mavuto enieni anali akuti chigayo ndi situdiyo zinkadya magetsi a pa waya umodzi. Magetsi akayaka, chigayo chikulira, simungajambule. Akazima, chigayo chili zii, ndi mbalame zomwe zikumveka, nthawi yabwino zedi yojambulira mawu, koma makina onse afa.

Choncho ophunzira anatulukira njira yomwe ngakhale atolankhani a m'maiko olemera amaigwiritsa ntchito akakhala m'chipinda cha hotela: kudzifunditsa bulangete mutu wonse n'kujambula pa foni, poti nsalu yokhuthala imameza mawu obwerera. Mnyamata wina ankachita zimenezi pakati pa usiku m'kachipinda kake ka lendi. Mayi eni nyumba anapirira mausiku angapo, kenako m'mawa wina anabwera ndi abusa.

"Abusa, mwanayu masana ndi wabwinobwino. Koma ikangokwana 1 koloko amasintha mawu, n'kumapereka moni kwa anthu a ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ine ndasuzumira pawindo, m'chipindamo mulibe munthu wina."

Abusa anamvetsera zomwe anajambulazo mpaka kumapeto, n'kufunsa ngati mnyamatayo angawajambulireko ulaliki wa Lamulungu.

*

Lamulo loyamba la mu situdiyo ndi lakuti maikolofoni iliyonse muziitenga kuti ndi yotsegula, makamaka kumene nyali yofiira ya pakhomo inapsa kalekale. Koleji ina inalibe chiphaso cha MACRA choulutsira m'mlengalenga, ndiye pulogalamu ya masana ya ophunzira inkamveka pa sipika yomwe anaipachika mu mtengo wa mango pabwalo. Aulutsi awiri anaika nyimbo, n'kuiwala kutsitsa batani la maikolofoni.

"Aise, jekete ya a Sala a malamulo aja waiona?"

"Ya kaunjika imene ija. Ndinaiona Loweruka pamsika, K8,000, m'thumba muli chibowo."

Pabwalo anthu anasiya kutafuna. Chitseko chinatseguka, a Sala n'kulowa ali m'jekete yomweyo, nkhope ili phee.

"Nkhaniyi ndaimva. Amene anakutsinani khutu sananame, jekete ndi ya kaunjikadi. Koma mwalakwa pawiri. Choyamba, mwaulutsa osandifunsa mbali yanga. Chachiwiri, ndinanenerera, ndinagula K5,000. Mawa nthawi yomwe ino muulutse chipepeso ndi mtengo woona."

Anaulutsadi, ndipo pansi pa mango panadzaza kuposa tsiku lina lililonse chaka chimenecho. Ndi oyendetsa chigayo omwe anabwera.

*

Chomwe chimazunza ana athu kwambiri si makina, koma chiganizo choyamba cha nkhani. Buku limati yambani ndi chachikulu: chachitika n'chiyani, kwa yani, kuti, liti, chifukwa chiyani, motani. Zing'onozing'ono zipite kumunsi, kuti mkonzi malo akamuchepera adule kuchokera pansi osapha nkhani. Koma ife sitinaleredwe choncho. Kwathu wobwera ndi uthenga wa maliro sayamba ndi imfa. Amakhala pansi, amalonjeredwa, amafotokoza za ulendo, kenako amati malume anayamba kudandaula mutu Lachiwiri, anapita nawo kuchipatala Lachinayi, ndipo pofika pa mawu akuti atisiya, aliyense mtima wakonza kale. Ndi ulemu umenewo, ndipo ine ndimaukonda. Kungoti nyuzipepala ilibe mphasa yoti wowerenga akhalepo kudikira.

Ophunzira anawatuma kukalemba za moto womwe unatentha mabenchi pamsika. Mnyamata wina anabweretsa masamba atatu. Anayamba ndi mmene kunachera, minibasi yomwe anakwera, kondakitala amene anamukaniza chenji, fungo la utsi lomwe anayamba kulimva ali pa siteji. Moto unayaka pa tsamba lachitatu. A Madamu anatenga sizasi, anati, "Malo ndili nawo a ndime zitatu," n'kudula kuchokera pansi monga mwa lamulo. Chotsalacho anachimata pa bolodi ndi mutu wakuti KONDAKITALA AKANA KUPEREKA CHENJI.

Mnyamatayo anaphunzira, mwina mopitirira. Pa holide fisi anathyola khola la malume ake, omwe nthawiyo anali kutsidya kwa mtsinje, ndiye anamutuma iyeyo kuti akanene. Anafika, osakhala n'komwe pansi.

"Mbuzi zinayi zafa usiku wathawu m'mudzi mwathu fisi atathyola khola, agogo atsimikiza."

Malume anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, fizi yonse ija ndimalipira kuti akakulande moni? Bwerera pa mseu, ukalowenso bwino."

*

Kamera imakhala imodzi, kalasi yonse. Mwambo wake, musanajambule mumaionetsa chinthu choyera, kuti idziwe kuti kuyera n'kotani pa kuwala komwe kulipo. Mitundu ina yonse imaiyeza kuchokera pamenepo. Gulu lina linaiwala pepala, ndiye linabwereka malaya a mnzawo, omwe mwini wake ankalumbira kuti ndi oyera. Anali oyeradi chaka chomwe ankalemba Fomu 4. Kamera inakhulupirira, inachotsa chikasu paliponse, ndipo a komiti ya mjigo omwe anawajambula tsiku limenelo anatuluka a buluu, ndi mjigo womwe. Mphunzitsi anafunsa ngati kanemayo akunena za kuzizira kwa ku Dedza.

Loweruka kamera yomweyo imazemba kukagwira ganyu ku maukwati, mlonda atalandira yake ya Fanta. Wina anajambula ukwati wonse atasokoneza batani: akamati wayamba ndiye waimitsa, akamati waimitsa ndiye wayamba. Malumbiro mulibe, mphete mulibe, keke mulibe. Muli maola awiri a fumbi, miyendo ya mipando ndi nsapato, zojambulidwa kamera ili lende m'manja. Anapita nayo kubanjako atakonzeka kubweza ndalama ndi kulandira mbama. Mayi a mkwatibwi anaonera mwachidwi, chibwano chili m'manja.

"Imitsani pamenepo! Nsapato izo ndi za alamu anga. Akhala akuuza anthu kuti anafupa kanayi. Taonani nokha, perekaniperekani yense mapaziwo sanachoke pansi pa mpando."

Anaitanitsa makope awiri.

*

Sewero la pa wailesi, lomwe a MBC anatizoloweza ndi Kapalepale ndi Pamajiga, limafuna kuti womvera aone ndi makutu. Moto mumaupanga pofinya jumbo pafupi ndi maikolofoni, mvula pothira mpunga pa lata, mapazi poponda m'beseni la mchenga. Gulu lina linkafuna mbuzi. Mnyamata wamanyazi, yemwe chaka chonse sanatulutsepo mawu m'kalasi, anati ayeseko. Analira kamodzi, mbuzi za panja n'kuyankha. Kuchokera tsiku limenelo gulu lililonse linkalemba mbuzi m'sewero lake, ngakhale la m'khoti, ndipo iye ankalipiritsa. Anabwera kudzaphunzira kuwerenga nkhani. Anamaliza koleji alibe ngongole ya fizi, yekhayo m'kalasi yonse.

*

M'buku muli nkhani ya Paul Lazarsfeld ndi anzake, omwe anafufuza chisankho cha ku America cha mu 1940 m'dera lina la ku Ohio. Anapeza kuti uthenga wa pa wailesi ndi m'nyuzipepala sufika kwa anthu ambiri mwachindunji: umayamba wafika kwa ochepa otchera khutu, iwowo ndiye amakagawira anzawo atathiramo maganizo awo. Mtsikana wina anakafotokozera agogo ake aamuna zimenezi. Anawapeza pa bawo pansi pa mtengo, wailesi yawo yomanga ndi mphira ili pambali, mabatire atayanika padzuwa.

"Mzunguyo anachita kufufuza?"

"Eya agogo, miyezi yambiri."

"Akanangobwera kuno. Mudzi uno nkhani za 6 koloko ndimamva ine, 7 koloko ndimawauza. Zina ndimachotsako, zingawadwalitse mtima."

"Zina mumaonjezera, agogo."

"Mabatire akafooka, mwana wanga, munthu umamalizitsa wekha."

Buku lomwelo limanenanso za Orson Welles, amene pa 30 Okutobala 1938 anaulutsa pa wailesi ya CBS sewero lokonzedwa ngati nkhani zenizeni, lakuti zolengedwa za ku Mars zatera ku New Jersey. Zinamveka kuti anthu anathawa m'nyumba, ngakhale ofufuza a pambuyo pake amati nyuzipepala zinakokomeza manthawo. Kalasi ya sipika ya mu mango ija inafuna kuyesa mphamvu zake. Inaulutsa kuti njati yathawa kumalo osungirako nyama ndipo yalowa pageti. Palibe anadzuka, wina anangofunsa ngati ikhale ndiwo ya madzulo. Potseka pulogalamu, muulutsi anawerenga chidziwitso chenicheni, chakuti akawuntanti akuzungulira ndi mndandanda wa omwe sanamalize fizi. Asanamalize chiganizo, pabwalo panatsala mbale ndi agalu.

*

Buku limati kamaikolofoni kakang'ono kaja mukapanire pa kolala ya wofunsidwa, chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa. Bukulo silinafikepo kubwalo la mfumu. Gulu linafika, linakhala pansi, linaomba m'manja. Mtsikana woyang'anira mawu anayenda chogwada, kamaikolofoni kali m'manja, ndipo atatsala pang'ono kugwira kolala ya afumu, nduna inatsokomola.

"Mwana wanga, pamenepo sagwirapo. Bweretsa kuno."

Nduna inakapanira pa malaya ake. Zinayenda bwino ndithu, chifukwa afumu ankayankha chapansipansi, nduna n'kumabwereza mokweza kuti, "Akuti afumu..." Pokamvetsera ku koleji anapeza kuti afumu ananena ziganizo zisanu, pamene nduna inadzaza khadi yonse, kuphatikizapo pempho la mlatho lomwe afumu sanalitchule n'komwe.

*

Nkhani iyi siseketsa kwambiri, koma ndi imene ndimaikumbukira ndikamamvera nkhani za madzulo. Ophunzira anawatuma kumsika kukamva maganizo a anthu pa lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zomwe maofesi a boma akusunga, lomwe aphungu anavomereza mu 2016 koma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Munthu woyamba yemwe mnyamata wina anamufunsa anafuna kudziwa kuti ndi wailesi iti. Atamva kuti ndi ya sukulu, anati mawu ake saononga. Wachiwiri analanda maikolofoni n'kupereka moni kwa mkazi wake, apongozi ake ndi anzake onse a pa kabaza, aliyense dzina lake ndi siteji yake. Wachitatu anali mayi wa tomato.

"Mayi, mukudziwa kuti pali lamulo lokulolani kufunsa boma mmene likuyendetsera zinthu?"

"Eti? Ndiye tandifunsireni, achimwene. Tsiku lililonse timadula chiphaso cha msika. Chimbudzi chinadzaza mvula ya chaka chatha, zinyalala ndi izo mukuziona. Ndalamazo zimapita kuti?"

Mnyamatayo anayang'ana pa pepala lake, analitembenuza, anayang'ananso.

"Pepani mayi, funso limenelo palibe apa. Ine ndimafuna mungoti eya kapena ayi."

Anabwerera ku koleji akudandaula kuti anthu a pamsika sadziwa kuyankha. Ndikanakhala mphunzitsi wake, satifiketi ndikanapereka kwa mayi wa tomato uja, mnyamatayo n'kumusiya pa benchi agulitse mpaka makutu atatseguka.

*

Kenako imafika atachimenti, miyezi ija mwana amakaphunzira ntchito ku nyumba yeniyeni youlutsira mawu. Amapita ndi suti. Sabata yoyamba amaphunzira komwe kuli chiwaya chabwino ndi amene safuna tsabola pa tchipisi. Yachiwiri amanyamula miyendo ya kamera. Yachitatu, akuluakulu onse atapita kumsonkhano wa kunyanja komwe kuli alawansi, amamusiyira zidziwitso za mbuzi zosowa ndi misonkhano ya mipingo.

Wa tayi yofiira uja mwayi wake unagwa choncho, pa wailesi ya m'dera, m'bandakucha. Atamaliza zidziwitso anatsitsa mawu mpaka pansi n'kutsegula foni kuti omvera aimbe. Inalira nthawi yomweyo.

"Muli pa wailesi, tiuzeni dzina ndi komwe mukuimbira."

"Ndiwe? Bwanji ukuyankhula choncho, wadwala chimfine?"

"Mayi, tsitsaniko wailesi yanu, tili..."

"Nditsitsenji, ndaitana anthu. Chidebe changa cha ufa chija ubweza liti?"

Mnyamata wina anapita ndi mkulu wake kumsonkhano wa atolankhani. Pomaliza okonza msonkhano anayamba kugawa maenvelopu a chipondamthengo, aliyense asaine. Mnyamatayo anakumbukira phunziro la khalidwe, lakuti wolandira envelopu wagulitsa cholembera. Anaimirira n'kukana mokweza, holo yonse kucheuka. Panja anapeza kuti galimoto ya kuntchito yapita, m'thumba ya minibasi mulibe. Anayenda wapansi mpaka ku ofesi, suti itamatirira kumsana, n'kupeza mkulu wake akukukuta ntchafu ya nkhuku.

"Wafika, mphwanga? Usadandaule, ndakusainira. Koma poti mbiri yako ingaipe, ndalamayo ndasunga ine."

Aphunzitsi ananena zoona, envelopu imafewetsa cholembera. Koma amene amatuma mwana kumsonkhano wopanda ya basi, mwezi n'kutha osamupatsa kanthu, ndi amene amamata envelopuyo, ndipo za iyeyo silabasi imangoti zii.

*

Nthawi ya pulojekiti yomaliza, fulashi imodzi imazungulira makompyuta onse, kusiya vairasi apa, kutola ina apo. Kanema wa mphindi khumi kompyuta ya pa koleji imarenda usiku wonse, ndipo magetsi amadziwa kuwerenga: amadikira ifike pa 98 peresenti. Mphunzitsi wina atatopa analemba zifukwa zonse zodziwika pa pepala, chilichonse ndi nambala yake, n'kumata pachitseko kuti anthu asamataye nthawi.

"Sala, nambala 3."

"Nambala 3 atenga kale anzanu. Yatsala 7, maliro a agogo, koma inu agogo anu anatha teremu yatha, onse anayi."

"Awa ndi ondipeza, Sala."

*

Tsiku lolandira masatifiketi, mlendo wolemekezeka anaimirira kutsogolo kwenikweni kwa sipika, maikolofoni n'kuyamba kulira kuti kwiii. M'holomo munadzaza anthu omwe anakhoza funso lakuti kulira kotere kumachitika maikolofoni ikamatola mawu a sipika yake yomwe n'kumawabweza mobwerezabwereza. Koma onse anali m'mikanjo, zipewa zili pamutu, makolo akuwajambula, ndipo palibe anafuna kuoneka akukoka mawaya pa tsiku lake. Aphunzitsi anayang'anizana. Mlendo anagogoda maikolofoni ndi chala, anauziramo, inalirabe.

Kenako mlonda wa pageti analowa, chibonga chili kukhwapa. Anakankhira sipika kutsogolo ndi phazi kuti iyang'ane kwa anthu, n'kutuluka osanena kanthu. Mlendo anakonza tayi, anatsokomola, n'kuyamba ndi kuyamikira kolejiyo chifukwa chosula akatswiri odziwa makina. Omaliza maphunziro anaomba m'manja mpaka kuimirira.